Khalani Pambali pa Mwana Amene Zilembo Zamuvuta

Werengani: Machitidwe 8:26-35

Lamulungu lina ku Champhira tinaona mnyamata wa Sitandade 4 ataimikidwa ku Sande Sukulu kuti awerenge ndime imodzi. Anayang'ana tsamba, milomo ikunjenjemera, anzake n'kuyamba kuseka. Chonsecho ndiye amaloweza nyimbo msanga kuposa onse, ndipo ndalama za tomato wa amayi ake pa msika wa Jenda sasokoneza. Lamulungu lotsatira sanabwerenso.

Ana otere timafulumira kuwatcha ouma mutu, aulesi, mwinanso olodzedwa. Komatu ambiri a iwo ali ndi vuto limene madokotala amalitcha dyslexia. Maso amaona bwino, nzeru zilipo, koma ubongo umavutika kulumikiza chilembo ndi liwu lake. Nthawi zambiri limayenda m'magazi. Si lachilendo ayi: mu 1896 dokotala wa ku England, Pringle Morgan, analemba za mnyamata wochenjera wa zaka 14 amene kuwerenga kunamukanika.

Tisamale polekanitsa zinthu. Mwana wa kuno amakulira m'Chitumbuka, koma kusukulu amakumana ndi mabuku a Chichewa ndi Chingerezi. Wovutika ndi chiyankhulo chokha amatsegukira mutu akachizolowera. Mnzakeyu amapunthwabe pa maphatikizo amene anaphunzira dzulo. Chiyambire maphunziro aulere a pulayimale mu 1994, makalasi anadzaza, ndipo mwana wachete amatayika m'chigulu.

M'ndime yathu, nduna ya ku Itiyopiya inali ndi buku la Yesaya m'manja koma inasowa woitsogolera. Filipo sanaiseke. Anakwera galeta, nakhala pambali pake, nayambira pamene iyo inali. Vuto la ndunayo linali la tanthauzo, la mwana wathu ndi la zilembo, koma mankhwala ake ndi ofanana: munthu woleza mtima wokhala pafupi.

Tsono titani? Kholo lipatule mphindi zochepa tsiku lililonse: liwu limodzi, chilembo chimodzi, mwana akuchilemba ndi chala pamchenga kwinaku akuchitchula. Ndodo siiphunzitsa ubongo. Tiziwawerengera nkhani mokweza kuti chikondi cha mawu chisafe. Tikambirane ndi aphunzitsi, tifunsenso za aphunzitsi a maphunziro apadera, onga amene amasulidwa ku koleji ya Montfort ku Nguludi. Mumpingo tisamuimike mwana kutsogolo mwadzidzidzi. Timupatse ndimeyo pasadakhale, kapena ainene pamtima. Vutoli silitheratu, koma mwana wothandizidwa msanga amafika powerenga.

Ku Embangweni mpingo unatsegula sukulu ya ana osamva, pokana kuti mwana wotere ndi wotayika. Kodi tilephera kuona mwana amene vuto lake silioneka ndi maso? Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mnyamata uja tikamufune kwawo sabata ino, asanatsimikize mumtima kuti Buku Lopatulika linalembedwera ena.

Tipemphere: Ambuye, tipatseni mtima wa Filipo, kuti tikhale pambali pa ana anu kufikira atawerenga okha Mawu anu. Amen.