Kusankha Sukulu ya Mwana wa Ulumali

Mwana akafika zaka 6, msinkhu woyambira Sitandade 1, makolo ambiri savutika kudziwa kokamulembetsa. Koma m'banja limene mwana amalephera kuyenda kapena kugwira zinthu bwino, komanso amachedwa kumvetsa zimene akuphunzitsidwa, nkhaniyi imasautsa mtima. Ena amangomusunga pakhomo poganiza kuti palibe sukulu imene ingamulandire, ndipo zaka zimapita mwanayo osaponda m'kalasi.

Makolo adziwe kuti malamulo ali mbali yao. Maphunziro a pulayimale ndi aulere kuyambira mu 1994, ndipo lamulo la maphunziro la 2013 likulamula kuti mwana aliyense apite kusukulu. Mu 2009 dziko la Malawi lidavomereza pangano la United Nations loteteza ufulu wa anthu a ulumali. Choncho ulumali si chifukwa chobwezera mwana.

Ntchito yoyamba ndi kudziwa bwino vuto la mwanayo. Pitani naye kuchipatala cha boma, mutatenga buku lake la kuchipatala, kuti akamupime maso, makutu ndi ziwalo. Mwana wina amene timamuyesa wosamva maphunziro amakhala kuti saona bolodi, kapena makutu ake samva bwino. Achipatala ndiwo angakuuzeni ngati akufunika mafizo, njinga, ndodo zoyendera kapena mankhwala a khunyu. Ana a mavuto a mafupa amathandizidwanso ku chipatala cha Beit CURE ku Blantyre.

Kenaka dziwani mitundu ya sukulu. Pali sukulu zapadera zogonera konko, monga Maryview ku Chiradzulu ndi Mua ku Dedza za ana osamva, ndiponso Chilanga ku Kasungu ndi Lulwe ku Nsanje za ana osaona. Sukuluzi zidakonzedwera mavuto amenewo basi. Mwana wolumala ziwalo amenenso amavutika kuphunzira, kawirikawiri malo ake ndi sukulu wamba, makamaka imene ili ndi chipinda chapadera chotchedwa resource room. M'chipindachi mumakhala mphunzitsi wosulidwa pa ntchito imeneyi. Aphunzitsi otere amaphunzira ku koleji ya Montfort ku Nguludi, imene idayambitsidwa ndi Abulazala a chipani cha FIC. Mlangizi wa maphunziro a pulayimale m'dera lanu, amene timamutcha PEA, angakuuzeni sukulu zimene zili ndi zipinda zotere.

Musasankhe sukulu pongomva mbiri yake. Pitani nokha tsiku limene ana akuphunzira, mwanayo ali nanu. Onani ngati njinga ingalowe m'kalasi popanda kunyamulidwa pa masitepe. Lowani m'chimbudzi muone ngati khomo lake ndi lalikulu, komanso ngati muli pogwira. Funsani mphunzitsi wamkulu kuchuluka kwa ana m'kalasi, pamene mwanayo adzakhale, ndi amene adzamuthandize akafuna kukadzithandiza kapena akagwa khunyu. Onetsetsaninso ngati aphunzitsi akulankhula ndi mwanayo, kapena akungolankhula ndi inu ngati kuti iye palibe.

Mtunda nawo ndi wofunika. Sukulu yabwino imene mayi ayenera kuberekera mwana makilomita 5 tsiku ndi tsiku, nyengo ya mvula ikafika imasiyidwa. Sukulu yapafupi yokhala ndi aphunzitsi a mtima wolandira imaposa yakutali ya zipangizo zambiri. Ndipo mwana wamng'ono amene sanathe kudzidyetsa kapena kudzisambitsa, ndi bwino azigona kwao.

Inu akatekisiti ndi atsogoleri a miphakati, mumalowa m'makomo momwe ena salowamo, ndipo mukuwadziwa ana amene akungokhala. Aperekezeni makolo ao kwa mphunzitsi wamkulu nthawi yolembetsa isanathe. Mphakati ungathenso kuumba njerwa zokonzera polowera njinga, kapena kusinthana poperekeza mwanayo m'mawa.

Teremu yoyamba ikatha, makolo akhale pansi ndi mphunzitsi n'kuona zimene zasintha. Asayang'ane malikisi okha. Mwana akayamba kugwira pensulo, kutchula maina a anzake ndi kudzuka m'mawa akufunsa yunifolomu yake, ndiye kuti sukuluyo yamuyanja.