Kalata ya Ramatoulaye ndi Wophunzira wa Pakhomo

Mphunzitsi wamkazi wa kumudzi akamva kuti m'makoleji muli phunziro lapadera la akazi m'mabuku, safunsa msanga kuti phunzirolo ndi lotani. Funso lake loyamba limakhala lakuti ana awasiyira yani. Ku koleji nkutali, ntchito singaime, ndipo malipiro amathera pa ufa ndi sopo. Nchifukwa chake nkhani yophunzira uli pakhomo, kale pakalata ndipo lero pa intaneti, imakhudza akazi koposa amuna.

Phunziroli limapenda mbali ziwiri: mmene alembi aamuna amamuonetsera mkazi, ndi zimene mkazi amanena akagwira yekha cholembera. Aphunzitsi ambiri amayambira pa Virginia Woolf wa ku England, amene mu 1929 anatulutsa buku lotchedwa A Room of One's Own. Mfundo yake inali yakuti mkazi wofuna kulemba ayenera kukhala ndi ndalama zake ndiponso chipinda chakechake. Koma alembi a mu Africa sanadikire chipindacho. Flora Nwapa wa ku Nigeria anatulutsa Efuru mu 1966, chaka chomwe Grace Ogot wa ku Kenya anatulutsa The Promised Land. Buchi Emecheta analemba ali ku London akulera yekha ana asanu, mwamuna wake atamutenthera buku lake loyamba lisanasindikizidwe. Ku Malawi kuno, Walije Gondwe anatulutsa Love's Dilemma mu 1985.

Buku limene limaonetsa bwino kusiyana kwa kalasi ndi pakhomo ndi la Mariama Bâ wa ku Senegal, amene nayenso anali mphunzitsi. Analilemba m'Chifalansa, linatuluka mu 1979, ndipo m'Chingerezi limatchedwa So Long a Letter. Mu 1980 linapambana mphotho ya Noma. Buku lonselo ndi kalata imodzi. Ramatoulaye, mphunzitsi wa ana 12, akulembera mnzake Aissatou ali m'nyumba pa miyezi inayi ndi masiku khumi yolira mwamuna wake monga mwa mwambo wa Chisilamu. Mwamunayo, Modou, anali atamusiya nakwatira Binetou, mnzake wa mwana wawo wamkazi. Aissatou naye anapatsidwa mkazi mnzake, koma iye anatenga ana ake nachoka. Ramatoulaye anakhala.

Tsono anachita bwino ndani? M'kalasi funso limeneli silitha ndi belu. Mnyamata wina amaimirira nanena kuti Modou sanalakwe chifukwa chipembedzo chimalola mitala. Mtsikana amene mayi ake anasiyidwa chomwecho amamuyankha mawu akunjenjemera. Wina amati Aissatou anathawa nkhondo, wina amati ndiye yekha anadzilemekeza. Mphunzitsi wanzeru sagamula mlanduwo. Amangowabweza ku tsamba kuti aonetse pamene mlembi wanena zimenezo. Kunena zoona, mtsutso umenewu ndiwo mtima wa phunziroli, ndipo ndiwo umene wophunzira wa pakhomo amausowa.

Komabe kuphunzira uli kutali si chinthu chachilendo m'dziko muno. Malawi Correspondence College inayamba mu 1965 kutumizira anthu maphunziro papositi, ndipo ambiri anakhoza mayeso atawerengera pa nyali ya palafini. Lero kalata ija yalowa m'foni. Yankho la mphunzitsi limafika tsiku lomwelo, koma mavuto angosintha nkhope: intaneti njodula, magetsi amazima, ndipo mabukuwo sapezeka m'sitolo za pa boma. Choopsa china nchakuti munthu wotopa amangowerenga chidule cha buku, nalemba mayeso asanakumane ndi Ramatoulaye mwini wake.

Wophunzira wa pakhomo ali ndi chuma china chimene wa ku koleji alibe. Amawerenga za mitala, za umasiye ndi za kulanda katundu wa malemu ali pakati pa anthu amene zinawachitikira. Akasonkhanitsa aphunzitsi anzake awiri kapena atatu, amuna ndi akazi omwe, nabwerekana buku limodzi, mtsutso wa m'kalasi uja umabadwa pakhonde. Akafotokozera agogo ake nkhaniyo m'Chichewa, angamve chigamulo chimene sichili m'zolemba za koleji iliyonse. Bukulo ndi lalifupi, masamba ake sakwana 100, ndipo ana akagona munthu angalimalize usiku uwiri.