KODI WAILESI YAKALE YA SHORTWAVE NJOYENERA KUIGULA?

Fodya akagulidwa ku okushoni wa ku Limbe, cimanga naco cikalowa m'nkhokwe, alimi a kumadzulo kwa nyanja ya Chilwa amayamba kulingalira za katundu wa m'nyumba. M'misika mumaoneka mawailesi amene anatumikira kale eni ena: ena anadza ndi anthu ocokera ku Joni, ena angoturuka m'mabokosi a makolo amene anatisiya. Wogulitsa amaloza zilembo SW pa nkhope ya wailesi, nanena kuti imeneyi njogwira maiko onse a pansi pano, cotero mtengo wace uyenera kukwera. Kodi mlimi aturutse ndarama za thukuta lace cifukwa ca zilembo ziwirizo? Ife tikuti iai. Wailesi yakale ikhoza kukhala yabwino ndithu, koma ubwino wace masiku ano suli pa SW.

Tiyambe tamasulira zilembozo. SW ndi cidule ca mau a Cingerezi akuti shortwave, ndiko kunena mafunde afupi. Mau a wailesi amayenda m'mlengalenga ngati mafunde a pa nyanja, ena atali, ena afupi. Mafunde a shortwave ali ndi khalidwe lao-lao. Akacoka pa mlongoti amakwera kumwamba kutali, kupitirira mitambo yonse, kumene dzuwa limasanduliza mpweya kukhala ngati denga. Akagunda dengalo amabwerera pansi, monga liu la munthu libwerera likagunda thanthwe, nakatera dziko lina kutali. Ndico cifukwa cace munthu wa ku Kachulu akhoza kumva mau ocokera kutsidya kwa nyanja zamcere. Koma dengalo silikhazikika. Limasintha usana ndi usiku, dzinja ndi cirimwe, cotero mau amakwera natsika, mwina nkuzimirira pakati peni-peni pa nkhani.

M'masiku a makolo athu njira yace inali yomweyi. Nyumba youlutsira mau m'Cinyanja inali ku Lusaka, ndipo kunalibe mafunde ena akuti nkufika ku Zomba kucokera kumeneko. Bwana Harry Franklin, mkuru wa zofalitsa nkhani ku Northern Rhodesia, anafuna wailesi yakuti munthu wa kumudzi athe kuigula. Kampani ya Ever Ready ya ku England inabvomera kuipanga, ndipo mu 1949 inayamba kugulitsidwa. Anaipatsa dzina lakuti Saucepan Special popeza thupi lace linali ngati sefuliya yophikiramo, yopakidwa utoto wobiriwira ngati thambo. Ziboo zace anazitseka ndi kasefa kuti tizirombo tisalowe. Mtengo wace unali mapaundi 5, ndi masheleni 25 a batire limene linkakhala maora 300. Ndarama zimenezi zinali zoposa malipiro a mwezi a anchito ambiri, komabe anthu anazigula, ndipo mudzi wonse unkasonkhana pa khonde limodzi kumvera Alick Nkhata alikuyankhula ndi kuyimba.

Mukaipeza lero wailesi yotere, kapena ina iri yonse yokhala ndi timababu tagalasi m'kati, isungeni ngati cikumbutso ca agogo. Batire lace linali la mphamvu ya mavoloti 90, ndipo simungalipeze m'sitolo. Zimene zipezeka pa msika nzamtundu wa transistor, zimene zinafala m'zaka za 1960 ndi m'tsogolo mwace, zodya mabatire a tochi. Nkhani yathu iri pa zimenezi.

Cimene wogulitsa sakuuzani ndi ici: wailesi siibala mau yokha, imangotola amene aponyedwa. Tsono oponya mau pa shortwave acepa kwambiri. MBC, imene inayamba mu 1964, inkamveka pa shortwave zaka zambiri, koma inaleka. Wailesi ya Channel Africa ya ku South Africa, imene kufikira 1992 dzina lace linali Radio RSA, inkatiyankhula m'Cinyanja kudzera pa milongoti ya ku Meyerton kufupi ndi Johannesburg. Milongotiyo inatsekedwa m'mwezi wa March 2019. BBC nayo inatseka milongoti yace ya pa zisumbu za Seychelles mu 2014. Mlimi amene agula wailesi cifukwa ca SW afika nayo kunyumba, apotoza-potoza, namva Cingerezi, Cifalansa, Ciarabu ndi maulaliki a kutali. Za mtengo wa fodya ku Limbe samva kanthu.

Zonse zimene mlimi wa kuno azisowa ziri pa FM. MBC iri kumeneko, Zodiak imene inayamba mu 2005 iri kumeneko, ndiponso Chanco ndi YONECO za mu Zomba mwathu momwemuno. Pamenepo mpamene alangizi amanena za nchemberezandonda m'cimanga, za tsiku lotsegulira msika wa fodya, ndi za feteleza. Pomweponso a zanyengo amacenjeza za mwera ndi mvula yamkuntho. Amene anaona namondwe Freddy m'mwezi wa March 2023 akumbukira kuti magetsi anazima m'madera ambiri a Cigawo ca Kummwera, mafoni nathera moto, koma wailesi ya mabatire inalirabe. Mafunde a FM sabwerera kumwamba ai, amangoyenda molunjika monga kuwala kwa nyali, ndipo phiri likhoza kuwatsekereza. Pa ici a ku cigwa ca Chilwa ali ndi mwai, pakuti dziko lao nlathyathyathya ndipo phiri la Zomba, pamene pali milongoti, amaliona ali pakhomo.

Cotero cinthu coyamba kuyang'ana pa wailesi yakale ndi zilembo FM. Zambiri za m'zaka za 1960 ziri ndi SW ndi MW basi; zimenezo zisiyeni, cinkana mau ace akhale okoma cotani. Ikakhala ndi FM, werengani manambala a pa galasi. Ayenera kuyambira pa 88 ndi kulekeza pa 108. Mawailesi amene anapangidwira anthu a ku Japan amayambira pa 76 nalekeza pa 90, ndipo oyendetsa magalimoto ocokera kumeneko alidziwa bwino bvuto limeneli: masiteshoni onse okhala pamwamba pa 90 sawagwira.

Ikapambana mayeso amenewa, wailesi yakale iri ndi zabwino zace zimene tisazinyoze. Ija yokhala ndi kamubvi koyenda pa galasi siidya mabatire msanga, maka-maka mukapanda kuikweza kwambiri. Sipika yace imakhala yaikuru, mau namveka bwino pa bwalo kapena m'cigafa pamene banja lirikusankha fodya. Ziwalo zace nzazikuru ndi zotayana, zakuti mmisiri wokonza mawailesi akhoza kucotsa cimodzi ndi kuikapo cina. Zatsopano zambiri zotsika mtengo siziri conco; nzeru zace zonse ziri m'kanthu kamodzi kakang'ono, ndipo kakapsya wailesi yatha. Komabe tinene zoona: yatsopano yokhala ndi sola siifuna mabatire ogula mwezi ndi mwezi, ndipo kwa banja limene ndarama imalowa kamodzi pa caka, cimeneci si cinthu cacing'ono. Pakati pa zakale zomwe, cenjerani ndi zija zoonetsa manambala owala, za m'zaka za 1980 ndi 1990. Zina zimamwa batire ngakhale zitatsekedwa, ndipo ziwalo zace nzazing'ono kwambiri, zobvuta kukonza.

Popita kukagula tengani mabatire anu atsopano m'thumba. Tsegulani coyamba malo oikamo mabatire. Mukaonamo ufa woyera kapena wobiriwira, kapena timawaya topota titadyeka ndi dzimbiri, dziwani kuti mabatire anaphulikiramo. Mwina madzi ace anayenda kufikira m'kati. Solosani mlongoti wonse muone ngati suli wothyoka kapena wogwedera pa tsinde. Potozani cosankhira masiteshoni kucokera kumapeto kufikira kumapeto anzace: kamubvi kakaima panjira, ndiye kuti ulusi wokakoka watha, ndipo kumanga ulusi umenewu ndi nchito yofuna mmisiri wodekha. Kuthetheka pokweza mau kawiri-kawiri ndi pfumbi cabe, locotseka. Koma mau akamanjenjemera kapena kucepa wailesi italira kanthawi, ziwalo zosunga mphamvu zauma ndi ukalamba. Cifukwa ca ici musathamangire kulipira. Ilekeni ilire mphindi 15 kapena kuposa, mulikuceza ndi wogulitsayo, ndipo akakana kuti muiyese muli ndi yankho lanu kale. Ngati iri ndi cingwe ca magetsi, werengani zolembedwa kumbuyo: magetsi a m'Malawi ndi a mavoloti 230, ndipo ya mavoloti 100 kapena 110 idzapsya tsiku loyamba.

Nanga mtengo? Ngati wa yakaleyo, kuphatikiza ndi za mmisiri, ufika pa mtengo wa yatsopano, palibe cimene mwapindula. Pa zilembo SW musaonjezepo ngakhale tambala imodzi. Zikabwera pamodzi ndi FM yabwino zilandireni ngati basera.

Alipo ena amene basera limeneli liwakomera: aphunzitsi, ana a sukulu ofuna kuzolowera Cingerezi, ndi akuru-akuru okonda kumva za maiko ena ndi makutu ao. BBC ikali kuponya mau ku Africa pa shortwave kucokera pa cisumbu ca Ascension. Otere adziwe kuti usana mau amapezeka pa mamita 16 ndi 19, koma dzuwa likalowa asamukire pa 31 ndi 49. Denga la malata limafoketsa mafunde, ndipo zocajira mafoni ndi nyali zina za sola zimadzetsa mkokomo, cotero nkwabwino kuturuka nayo panja. Waya wamkuwa wa mamita 10 womangidwa ku mtengo wa mango ndi kukulungidwa pa mlongoti umathandiza kwambiri, koma umasuleni mukangomva kugunda kwa mvula, kuopa mphenzi.

Pomariza, za kasungidwe. Nyanja ya Chilwa iribe mtsinje woturuka, madzi ace ngamcere, ndipo ikaphwa monga inacitira mu 1968, 1995 ndi 2018, pfumbi la pansi pace limauluka nkulowa pali ponse. Mcere ndi cinyontho ndiwo adani a zitsulo za m'wailesi, pamodzi ndi mphemvu ndi nyerere zimene zimakonda kumangamo. Ipacikeni pa cipupa kutali ndi utsi wa kukhichini, muipfunde ndi kansaru pamene siirikulira. Mukamacoka pakhomo masiku ambiri, kaya kukakolola mpunga ku Likangala kaya kukapereka fodya ku Limbe, cotsanimo mabatire muwaike padera.