MAYI AKADZATSOGOLA, ADZAMUSUNGA NDANI?

Pafupifupi mudzi uliwonse wa m'mbali mwa nyanja uli naye munthu wotere. Ndevu zinamera, kapena ngati ali wamkazi anatha msinkhu kalekale, koma kuwerenga ndalama sadziwa, kusamba mpaka wina amukumbutse. Wina salankhula, safuna kuyang'anidwa m'maso, phokoso likachuluka amatseka makutu n'kumadzigwedeza. Madokotala amati woyambayo ali ndi ulumali wa ubongo, winayo ali ndi autism. Ife timangoti "wozerezeka", kapena kunong'onezana kuti bambo ake anamukhwimira kuti usipa uzigwidwa wambiri. Astaghfirullah! Si misala, si ziwanda, ndipo si tchimo la makolo.

Kwathu munthu wotere sagona ndi njala kawirikawiri, chifukwa mayi akadwala pali azakhali, pali amalume, pali agogo. Tsono kuti tione chimene chimatsala mbumba ikabalalika, tiyeni tichoke kunyanja tikwere mapiri a ku Dowa, tikafike pa Dzaleka.

Akuluakulu akukumbuka kuti m'nthawi ya Dr Kamuzu Banda malowa anali ndende ya anthu omangidwa pa zifukwa za ndale. Mu 1994 anasanduka kampu ya anthu othawa nkhondo. Anakonzedwera anthu osapitirira 12,000, koma lero muli anthu oposa 50,000, ambiri ochokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda, ena ku Somalia ndi Ethiopia, ndipo pakati pawo pali Asilamu anzathu. Malamulo a dziko lino sawalola kukhala kapena kugwira ntchito kunja kwa kampu mwaufulu, ndipo mu 2023 boma linabwezera ku Dzaleka ambiri amene ankachita malonda m'matauni. Thandizo la WFP nalo lakhala likuchepetsedwa.

Tangoganizani mayi amene anathawa ndi mwana wake wa ulumali wa ubongo, abale onse anatsala kwawo kapena anafera m'njira. Mwanayo tsopano ndi bambo wa zaka 30, wamphamvu kuposa amake. Mayi ayenera kukaima pamzere wa pa mjigo, kukafuna makala, kukachita kaganyu. Amusiyira yani? Akapita naye, ana amamugenda, iye n'kukwiya, anthu n'kuyamba kunena kuti ndi woopsa. Akamusiya panja amasochera m'tinjira topanikizana ta m'kampu. Akakhala wamkazi mantha ndi ena, pakuti alipo amuna opanda umunthu amene amadikira mtsikana woti sangathe kukafotokoza. Chotsatira chake mayi amakoka chitseko, n'kukhoma loko. Sitikumuweruza mayiyu. Koma n'zomvetsa chisoni kuti pamalo pamene ndende inatsekedwa, munthu wosalakwa akhale wotsekeredwa ndi womubereka chifukwa chosowa pogwira.

Ana olumala amakumbukiridwako: mabungwe amawalemba m'kaundula, ena amalowa sukulu. Vuto limakula mwana akakula. Sukulu yatha, ntchito palibe, ndipo womusamalira akukalamba. Izi si za ku Dzaleka kokha. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa Amalawi 100 alionse a zaka zisanu kupita m'tsogolo, oposa 10 ali ndi ulumali wa mtundu wina. Dziko lathu linavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu olumala mu 2009, linakhazikitsa lamulo la za ulumali mu 2012, ndi lina latsopano mu 2024. Koma banja likatopa, dzina limene limabwera pakamwa ndi Zomba basi. Chipatala cha ku Zomba ndi cha matenda a maganizo, ochizika ndi mankhwala. Ulumali wa ubongo suchoka ndi jakisoni, ndipo chipatala si mudzi woti munthu akhaleko moyo wake wonse. A St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe amagwira ntchito yotamandika, koma sangakwanire dziko lonse.

Ena mwa ife tikamva izi timafulumira kunena kuti, "Timange nyumba yowasungiramo." Maganizo abwino, koma tisanaumbe njerwa timve zimene zinaonekera anzathu.

Ku England, pafupi ndi Bristol, kunali malo otchedwa Winterbourne View osungira akuluakulu a ulumali wa ubongo ndi autism. Nyumba yamakono, ndipo boma linkalipira pafupifupi mapaundi 3,500 pa sabata pa munthu mmodzi. Mu 2011 mtolankhani wa BBC analowa ntchito kumeneko ndi kamera yobisa. Dziko linaona antchito akumenya anthuwo, kuwapanikiza pansi pa mipando, kuwathira madzi ozizira. Namwino wina anali atadandaula kale kwa oyang'anira koma sanamumvere. Antchito 11 anavomera milandu, 6 anapita kundende.

Ku Joni, kumene ana athu ambiri a ku Mangochi ali, kunachitika zoposa apa. Mu 2016 boma la chigawo cha Gauteng, pofuna kupulumutsa ndalama, linachotsa anthu oposa 1,000 m'zipatala za Life Esidimeni n'kuwagawira timabungwe tosakonzeka, tina topanda ziphaso zoyenera. Anthu 144 anamwalira, ambiri ndi njala, ludzu ndi kusowa chisamaliro. Mabanja ena sanauzidwe n'komwe kumene m'bale wawo wapititsidwa, anakamupeza ali kale ku mochale.

Kwina ndalama zinalipo, kwina kunalibe, koma chofanana n'chimodzi: anthuwa anali kutali ndi maso a abale awo, kuseri kwa chitseko chotseka. Choncho amene angatiuze kuti ali ndi malo osungira anthu otere, kaya ndi bungwe la Chisilamu kaya la mpingo, tisayambe kuyamikira malata ndi penti. Tifunse ngati m'bale angafike tsiku lililonse osayamba wapempha. Tione ngati wosamalira akudziwa dzina la munthuyo, chakudya chimene amakana, ndi chimene chimamuopsa. Tione m'manja ndi m'miyendo ngati mulibe mabala a chingwe, ndiponso ngati sakungogona usana wonse chifukwa cha mapiritsi. Ndipo wantchito mmodzi akusunga angati usiku? Wotopa ndi wosalipidwa sachedwa kukweza dzanja.

Deen yathu siinatisiye mumdima. Ma ulama amagwirizana kuti amene nzeru zake sizikwanira alibe mlandu pa Swala kapena Swaumu imene sanathe, koma ufulu wake suchepa: gawo lake la chuma cha masiye ndi lake ndithu. Ndime yachisanu ya Surat An-Nisa ikukamba za omuyang'anira, chakudya chake, zovala zake ndi kalankhulidwe kathu kwa iye. Nanga ndi angati mwa ife amene anagawana maukonde ndi bwato la malemu n'kumudumpha mwana "wozerezeka" uja?

Kwa ife tikuona kuti chofunika msanga si nyumba yogonamo, koma kupumuza mayi. Chipinda cha madrasa chimakhala chopanda anthu m'mawa onse. Amayi a Dawa anayi atasinthana masiku awiri pa sabata, mayi uja angapite kumsika mtima uli m'malo, loko atamusiya. Ambiri mwa anthuwa amatha kusesa pa mzikiti, kutembenuza usipa pa thandala, kudyetsa mbuzi, akaonetsedwa modekha ndi mobwerezabwereza. Komiti ya mzikiti ikamalemba oyenera Zakaat, ilembenso mabanja amenewa, ndipo amalume akhale pansi ndi mlongo wawo akadali moyo, agwirizane pamaso pa Shehe ndi mboni amene adzatenge mwanayo.

Ndipo magalimoto athu akamanyamula ufa ndi nyama ya Qurbani kupita ku Dzaleka, wina atsike afunse atsogoleri a m'kampu nyumba zimene zili ndi munthu amene sangathe kubwera pamzere.