Kakhadi Konyozeka Kali ndi Ntchito Yanji?

Mu 1993 kampani ya Wizards of the Coast ya ku America inatulutsa Magic: The Gathering, masewera a makadi amene anakonza katswiri wa masamu Richard Garfield. Wosewera aliyense amayamba ndi mapointi a moyo 20, ndipo amene mapointi ake atha wagonja. Kuti tiponye khadi, timalipira mphamvu yotchedwa mana.

Pa makadi oyambawo panali asanu ofanana mtengo, mana imodzi, ndipo onse amapereka zinthu zitatu. Lotchuka kwambiri ndi Ancestral Recall, limene limatipatsa makadi atatu atsopano. Lina ndi Lightning Bolt, lomenya mdani kapena chilombo chake ndi mphamvu 3. Lonyozeka pa onsewa ndi Healing Salve, limene limationjezera moyo 3 kapena kutchinga mphamvu 3 zovulaza.

N'chifukwa chiyani osewera amalinyoza? Tikaligwiritsa ntchito kuonjezera moyo, khadi latha m'manja mwathu koma zilombo za mnzathu zikadali patebulo, ndipo zidzatimenyanso. Komanso khadili limadikira kuti wina ayambe kutiputa, pamene Lightning Bolt timaiponya nthawi imene tafuna. Silingapulumutsenso chilombo ku khadi ngati Terror, limene limapha popanda kuvulaza.

Komabe kakhadika kali ndi nthawi yake. Tiyerekeze kuti zilombo ziwiri zikumenyana, chilichonse chomenya ndi mphamvu 3 komanso chofa ndi mphamvu 3. Zonse zikanafa, koma tikaponya Healing Salve chathu chimapulumuka, cha mnzathu n'kufa. Aliyense wataya khadi limodzi, inde, koma ife talipira mana imodzi yokha pamene iye wataya chilombo chodula. Chimodzimodzi mnzathu akaponyera Lightning Bolt chilombo chathu chofunika, kakhadika kamazimitsa mphenziyo.

Mark Rosewater, mmodzi wa akuluakulu opanga masewerawa, analemba mu 2002 kuti makadi ofooka ndi ofunika chifukwa amathandiza osewera kuphunzira kusiyanitsa khadi labwino ndi lachabe. Healing Salve limaphunzitsadi zimenezi. Wongoyamba kumene amaliponya msanga poopa kuchepa kwa moyo. Wozolowera amasiya mana imodzi osaigwiritsa ntchito, n'kudikira mpaka zilombo zitagundana. Ngati mpata wotere sukuoneka kawirikawiri, timalichotsa pa mulu wathu n'kuikapo chilombo china.