Makaniko wa M'mimba mwa Makina Okolola

Makina okolola otchedwa combine amagwira pakamodzi ntchito zitatu zimene mlimi wa mpunga amazidziwa bwino: kumweta, kupuntha ndi kupeta. Hiram Moore anapanga ena mwa oyambirira ku Michigan m'zaka za m'ma 1830, okokedwa ndi akavalo, ndipo mu 1938 kampani ya Massey-Harris inatulutsa odziyendera okha. Kuyambira kale mpaka lero cholinga n'chimodzi: mbewu ilowe kutsogolo ndi mapesi ake, ikafike m'thanki itayera. Vuto n'lakuti chilichonse chodutsa m'katimo chimadya chitsulo. N'chifukwa chake kumadera olima tirigu a ku America, monga Kansas ndi North Dakota, kuli amakaniko amene ntchito yawo ili m'mimba mwa makinawa. Anthu amawakumbukira tsiku limene makina afera m'munda, koma luso lawo lenileni ndi kuona kutha kwa zitsulo zisanathyoke, m'miyezi yachisanu pamene palibe akukolola.

Makaniko amayamba wazula kiyi n'kuika m'thumba, poti wina akaliza injini iye ali m'kati, nkhani yake ndi maliro. Kenako amakwawira ndi tochi pa mgolo wopunthira. Mgolowu uli ndi zitsulo zamizeremizere ngati tupa, ndipo umazungulira pamwamba pa chisefa chachitsulo chopindika. Ngala zikapanikizika pakati pa ziwirizi, njere zimayoyoka. Mizere ija ikasalala, njere zimakanirira ku ngala n'kutulukira kumbuyo pamodzi ndi mapesi. Woyendetsa akaona zimenezi amachepetsa mpata kapena kuwonjezera liwiro la mgolo, ndiye njere zimayamba kusweka ndipo wogula amatsitsa mtengo. Posintha zitsulozo, makaniko amaonetsetsa kuti zoyang'anizana zikulemera mofanana, apo ayi mgolo umanjenjemera n'kupha mabering'i. Akachoka apo amasisita ndi chala m'mphepete mwa chitsulo chopiringizika chimene chimakankha mbewu m'mipaipi. Chikakhala chatsopano m'mphepete mwake mumakhala mokhuthala. Chikatha mumathwa ngati lumo, ndipo chimadula njere m'malo mozikankha. Amayesanso matcheni ngati atamuka ndi malamba ngati ayamba ming'alu. Amafunsanso mbewu imene makinawo anakolola, chifukwa soya amadulidwa chapansi penipeni ndipo amalowa ndi mchenga, pomwe mankhusu a mpunga amakhula chitsulo kuposa a tirigu.

Ntchitoyi imafunika isanafike nyengo yokolola chifukwa mbewu yokhwima siidikira munthu. Magulu okolola mwaganyu amayambira ku Texas cha mu May, n'kumatsata tirigu akamacha chakumpoto mpaka kukafika kumalire a Canada cha mu September, ndipo ena mwa anyamata oyendetsa makinawo amachokera ku South Africa. Makina akaima masiku atatu pa ulendo wotere, mvula yamatalala ikhoza kugwetsa munda wonse, ndipo mlimi wotsatira amaitana gulu lina. Choopsa china ndi moto. Bering'i yotha imatentha pang'onopang'ono, yazunguliridwa ndi mankhusu ouma ndi fumbi losakanikirana ndi girisi, ndipo tsiku lina imayatsa makina ndi munda womwe. Kunja utoto umakhala ukung'anima, koma paja chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Alipo amene amati ntchito imeneyi yatha mphamvu, poti makina amakono ali ndi kompyuta yonena pamene pavuta. N'zoona kuti kompyuta imathandiza: imachenjeza shafuti ikachepa liwiro, ndipo imaonetsa ngati njere zikutayika kumbuyo. Koma imanena zotsatira zokha. Chitsulo chimene chikudyeka pang'onopang'ono chilibe waya wokauza kompyuta, ndipo chenjezo likamadzabwera, mbewu imakhala itatayika kale. Enanso amati palibe luso pamenepa, n'kungomasula chakale n'kumanga chatsopano. Amene amatero sanaonepo mtengo wa masipeya. Kusintha chilichonse chaka ndi chaka kungasaukitse mlimi, ndipo kusiya zonse kungamusaukitsenso. Pakati pa ziwirizi m'pamene pali nzeru ya makaniko: kudziwa chimene chingapirire nyengo ina, chimene angachiwotcherere ndi ndodo zolimbitsa pamwamba kuti chibwerere mwakale, ngalande yobooka imene angaiyale pulasitiki yolimba, ndi chitsulo chimene kuchiwotcherera n'kungotaya nthawi. Woyeneradi dzinali ndi amene amatha kuuza mlimi kuti, "Ichi chisiyeni, koma icho musalowe nacho m'munda."

Mtsutso wolemera kwambiri ndi wa makampani opanga makina. Iwo amati kukonza kuzichitidwa ndi amakaniko a ogulitsa ovomerezeka, chifukwa munthu wamba akagwira mapulogalamu a injini akhoza kusokoneza zoteteza woyendetsa kapena zochepetsa utsi. Nkhawayi ili ndi mutu wake, koma yafika patali. Alimi a ku America akhala akudandaula kuti makaniko wapafupi amatha kumanga sipeya bwinobwino, makina n'kukanabe kuyenda mpaka wa kampani abwere ndi laputopu. Mu January 2023 kampani ya John Deere inasainirana mgwirizano ndi bungwe la alimi la American Farm Bureau Federation wolonjeza kupereka mabuku ndi zida zoyezera kwa alimi ndi amakaniko odziyimira paokha. Chaka chomwecho boma la Colorado linakhazikitsa lamulo lokakamiza opanga makina aulimi kutero, ndipo mu January 2025 bungwe la Federal Trade Commission linasumira John Deere pa nkhani yomweyi. Kuletsa munthu kusokoneza za utsi n'kotheka popanda kumuletsa kukonza. Komanso nthawi yokolola makina a dera lonse amavuta sabata imodzimodzi, ndipo wogulitsa mmodzi sangafike paliponse.

Mfundoyi imakula mphamvu kumene sitolo ya masipeya ili kutali. Pa mafamu akuluakulu a ku Mkushi ndi Chisamba ku Zambia, tirigu wothirira amakololedwa cha mu September ndi October, mvula yoyamba ili pakhomo. Sipeya ikasowa ku Lusaka, imayenera kuitanitsidwa kunja kwa dziko. Kumeneko makaniko amene anaona mu June kuti tcheni latamuka wapulumutsa zokolola zonse, ngakhale palibe amene adzamuyamike, poti palibe chimene chinathyoka. Malipiro ake ndi ulemu wake ziyenera kuyezedwa ndi masiku amene makina sanaime.