Chifukwa chiyani tepi yakuda siyikwanira pa waya wa ma volt 20,000?

Anthu ambiri akafuna kulumikiza mawaya awiri amangopota nsonga zake, n'kukulunga tepi yakuda, basi ntchito yatha. Magetsi a m'nyumba ndi a ma volt 230, ndipo tepi yambiri yotereyi inapangidwira ma volt osaposa 600. Koma pali mawaya ena amene mumawaona tsiku lililonse omwe amanyamula ma volt ochuluka kwambiri. Waya wopita ku pulagi ya njinga yamoto ya kabaza ndi umodzi mwa iwo. Koyilo yake imatulutsa ma volt pakati pa 10,000 ndi 30,000. Pamenepa tepi imagonja msanga, ndipo lero ndikufuna tione chifukwa chake, komanso mmene joini ya waya wotere imapangidwira kuti isadonthe magetsi.

Mpweya nawo uli ndi malire

Ku Fomu 1 tinaphunzira kuti mpweya sudutsa magetsi. Eetu, koma ndi zoona mpaka penapake. Mpweya wouma umagonja electric field ikafika pafupifupi ma volt 3,000 pa milimita imodzi. Ikafika pamenepo ma electron amatsomphoka m'ma atomu a mpweya, n'kuwomba ma atomu ena, amenenso amataya awo, mpaka patseguka njira ya moto. Mphezi imachitika chonchi, kungoti ndi yaikulu.

Ndiye tawerengerani nokha: 20,000 kugawa ndi 3,000 ndi pafupifupi mamilimita 7. Umenewu ndi mtunda umene moto ungalumphe panja. Koma mpata wa pa pulagi suposa milimita imodzi, nanga ma volt onsewo ndi achani? Yankho analipeza Friedrich Paschen mu 1889: mpweya wopanikizidwa umafuna ma volt ambiri kuti ugonje. M'kati mwa injini pisitoni imakhala yapanikiza mpweya kangapo, motero kulumpha kumavuta. Zikatero, ngati joini ili ndi pofooka, moto umasankha njira yapafupi ya panja m'malo molowa mu injini. Njinga imayamba kutsokomola.

Adani atatu a joini

Woyamba ndi nsonga yakuthwa. Chaji imaunjikana pamalo osongoka, ndipo electric field pamenepo imakula kuposa pamalo obulungira. Kawaya kamodzi kotsalira, kochepa ngati tsitsi, ndi kokwanira kuti mpweya wozungulira uyambe kugonja. Zimenezi timazitcha corona. Mumdima mumaona kuwala kwabuluu kofiirira, mumamva kaphokoso kakuti siii, ndiponso pamamveka fungo la ozone. Ozone ameneyu amadya labala pang'onopang'ono mpaka kung'ambika.

Wachiwiri ndi timathovu ta mpweya. Mukakulunga tepi, pakati pa mizere yake pamatsala timipata. Chovuta n'chakuti electric field imakhala yaikulu m'kampata ka mpweya kuposa mu pulasitiki wozungulira, chonsecho mpweyawo ndi umene uli wofooka. Timoto tating'ono timayamba kuthetheka m'katimo, n'kumawotcha pulasitiki kuchokera m'kati. Kunja joini imaoneka bwinobwino, kenako tsiku lina yabooka.

Wachitatu ndi njira ya pamwamba. Magetsi sakakamira kuboola insulator, amathanso kukwawa pamwamba pake ngati pali fumbi ndi chinyezi. Akadutsa kamodzi amasiya mzere wakuda wa kaboni, ndipo paja kaboni amadutsa magetsi, ndiye ulendo wachiwiri umaphweka. N'chifukwa chake njinga ina imayenda bwino mu Okutobala koma mvula ikangoyamba imavuta kulira.

Tayang'anani ma insulator a pa mapolo a ESCOM. Ali ndi makwinya, ena ali ngati mbale zosanjikiza. Si zokongoletsa ayi. Makwinyawo amatalikitsa njira ya pamwamba, ndipo kunsi kwake kumakhala kouma ngakhale mvula ikugwa. Yerekezani a pa laini ya ma volt 11,000 ya m'dera lanu ndi a pa laini ya ma volt 400,000 yochokera ku Phombeya m'boma la Balaka kupita ku Nkhoma. Ma volt akachuluka, mbale nazo zimachuluka.

Mmene joini yabwino imapangidwira

Mu labu ndikafuna waya wolumikiza ku Van de Graaff kapena ku EHT supply ya sukulu, ndimatsata njira yogonjetsa adani atatu aja. Zonsezi ndimachita chipangizo chili chozimitsa, pulagi yake itazulidwa kukhoma.

Choyamba ndimasankha waya wa chikopa chochindikala, monga waya wa pulagi wokhala ndi kopa m'kati. Waya wa wailesi kapena wa chaja ayi. Posenda ndimasamala kuti mpeni usacheke chikopa chotsalacho, chifukwa pochekedwapo ndi pamene padzayambire vuto.

Kenako ndimapota timawaya tonse pamodzi n'kuwotcherera ndi solder mpaka joini ikhale yosalala, yobulungira ngati nsawawa. Kansonga kalikonse kotsala ndimakapala ndi fayilo. Ndikatha ndimapukuta ndi sipiriti kuchotsa mafuta a m'manja ndi zotsalira za solder.

Chachitatu, ndimalowetsa joini m'kachubu ka pulasitiki kotalika, kopitirira masentimita angapo mbali zonse ziwiri kuti njira ya pamwamba italike. M'kachubumo ndimathiramo silicone kuyambira mbali imodzi, pang'onopang'ono, kuti azikankha mpweya kutulukira mbali inayo. Silicone amapirira ma volt ochuluka kangapo kuposa mpweya, ndipo madzi samatirira pa iye. Koma chenjerani ndi silicone wonunkha ngati viniga: ameneyu amatulutsa asidi akamauma, ndipo asidiyo amadya kopa. Wofunika ndi wolembedwa kuti neutral cure. Amafunanso masiku angapo kuti aume mpaka m'kati, popeza m'chubu simulowa mpweya wambiri.

Pomaliza ndimayesa mumdima nditaima patali. Ndikaona kuwala kwabuluu kuja kapena kumva siii, joiniyo ndimaidula n'kuyambiranso. Kuwonjezera tepi pamwamba sikuchotsa nsonga kapena thovu lomwe lili m'kati.

Chimene chimapha ndi chiyani?

Mwina mukufunsa kuti, nanga makaniko amagwidwa ndi waya wa pulagi osafa bwanji? Chimene chimavulaza thupi ndi current yodutsa m'thupimo komanso nthawi imene yatenga. Koyilo imatulutsa moto wa kanthawi kochepetsetsa. Van de Graaff nayo current yake ndi yochepa zedi, ndipo EHT supply ya sukulu inapangidwa kuti isapitirire ma milliamp 5. Koma ma milliamp 50 mpaka 100 akadutsa pachifuwa angathe kusokoneza kagundidwe ka mtima.

Ndiye mvetsetsani apa, anyamata ndi atsikana. Thiransifoma ya mu microwave imatulutsa ma volt pafupifupi 2,000 okha, ochepa kuposa a pulagi, koma current yake ndi yokwanira kupha munthu pomwepo. TV yakale ija yokhala ndi chimsana imagwira ntchito ndi ma volt pafupifupi 25,000, ndipo imatha kusunga chaji ngakhale itazimitsidwa. Zinthu ziwirizi musazitsegule, ngakhale mwazitola kudzala. Mawaya a ESCOM ndiye osayandikira n'komwe, chifukwa pa ma volt ochuluka chonchija magetsi amakulumphirani musanakhudze. Waya woduka ukagwa pansi, imani patali ndipo muuze akuluakulu adziwitse ESCOM. Ntchito ya joini ndafotokozayi ndi ya mu labu, pa zipangizo za current yochepa, aphunzitsi ali pomwepo.

Nali funso loti mukambirane ndi anzanu musanafike m'kalasi: dome ya Van de Graaff ndi yaikulu, yobulungira komanso yosalala, pomwe chitsulo chotetezera nyumba ku mphezi chimakhala chosongoka. Zonse ziwiri zikutsata lamulo limodzi la fizikisi. Lamulo lake ndi liti, ndipo chilichonse mwa ziwirizi chikufuna kuti chaji ichite chiyani?